Mmene mungaonere mzinda wa Roma m'masiku anayi osathera nthawi pamzere

Munthu amene akupita ku Roma koyamba savutika ndi kusowa zoti aone, koma ndi kuchuluka kwake. Mzindawu, umene eni ake amati unakhazikitsidwa m'chaka cha 753 Khristu asanabadwe, unamangidwa mosanjikiza, moti pansi pa tchalitchi pamapezeka tchalitchi china chakale, ndipo pansi pa chimenecho pamapezekanso nyumba za m'nthawi ya atumwi. Mlendo wofuna kugwira zonse nthawi imodzi amabwerako ndi matuza kumapazi komanso zithunzi zambiri za malo amene sakuwakumbukira dzina, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malangizo otsatirawa akhazikika pa mfundo imodzi: gulani matikiti ofunika musananyamuke kwanu, kenako tsiku lililonse mulipatse dera lake limodzi ndipo muliyende wapansi.

Choyamba: sankhani nyengo, konzani mapepala

Miyezi yabwino ndi April, May, kumapeto kwa September ndi October. Mu July ndi August dzuwa la ku Roma limawotcha ngati la mwezi wa October kuno kwathu, ndipo mabwinja ambiri alibe mthunzi. Pa 15 August ndi tchuthi chachikulu cha Ferragosto, pamene eni mzinda ambiri amatseka masitolo ndi malo odyera n'kupita kunyanja. Sabata Loyera ndi Pasaka ndi nthawi yokoma kwa wopita kukapemphera, koma malo ogona amakwera mtengo ndipo mizere imatalika kwambiri.

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy. Pempho limaloledwa kuperekedwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, ndipo lisachedwe kufika pa masiku 15 omaliza. Malipiro ake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90, ndipo pamafunikanso inshuwalansi ya zachipatala yokwana mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, wa tikiti ya ndege yobwerera, ndi wa ndalama zodzisamalira. Ofesi ya kazembe wa Italy ku Lusaka ndi imene imayang'aniranso Malawi, choncho yambani mwafunsa kumeneko za komwe pempho lanu liyenera kukaperekedwa.

Chachiwiri: gulani matikiti atatu muli kwanu

Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuipira. Malo atatu ku Roma safuna munthu wongotulukira: Colosseo (bwalo lakale la masewero a Aroma), Musei Vaticani (nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso za ku Vatican) ndi Galleria Borghese (nyumba ya ziboliboli ndi zithunzi). Onsewa amagulitsa matikiti a tsiku ndi ola lake pa intaneti, ndipo m'miyezi ya alendo ambiri amatha masabata angapo tsikulo lisanafike. Gulani pa masamba a eni malowo, osati pa masamba a amalonda amene amaonekera pamwamba mukafufuza pa Google, chifukwa ameneŵa amaonjezera mtengo, nthawi zina kuŵirikiza kaŵiri, pa tikiti yomweyo.

Tikiti ya Colosseo imalembedwa dzina la mwini wake, ndipo pakhomo amafananitsa dzinalo ndi la pachiphaso, choncho lembani dzina monga momwe lilili m'pasipoti ndipo muinyamule tsikulo. Tikiti yomweyo imakulowetsaninso ku Foro Romano ndi ku phiri la Palatino. Ya Musei Vaticani inali mayuro 20 m'chaka cha 2025, ndipo pamwamba pake ankaonjezera mayuro 5 osungitsira ola. Mayuro asanu amenewo musawaumire, pakuti mzere wa opanda tikiti umatsata khoma la Vatican mtunda wautali ndipo umadya maola.

Pokonza masiku kumbukirani kuti Musei Vaticani amatseka Lamulungu, kupatula Lamulungu lomaliza la mwezi pamene amalowetsa ulere, ndipo Galleria Borghese amatseka Lolemba. Malo a boma monga Colosseo amalowetsa ulere Lamulungu loyamba la mwezi. Masiku aulerewa amamveka okoma, koma kwa munthu amene walipira ndege kuchokera ku Lilongwe ndipo ali ndi masiku anayi okha, ndalama imene angapulumutse ndi yochepa poyerekeza ndi theka la tsiku limene angataye m'chikhamu.

Ngati mukufuna kuona Papa, konzani kuti Lachitatu kapena Lamulungu likupezeni mumzindawu. Lachitatu m'mawa, Papa akakhala ku Roma, amakumana ndi anthu pabwalo la San Pietro kapena m'holo yaikulu ya Paolo VI. Matikiti ake ndi aulere, amapemphedwa ku Prefettura della Casa Pontificia, ndipo aliyense amene akukugulitsani tikiti yotere akukudyerani masuku pamutu. Lamulungu 12 koloko masana Papa amatsogolera pemphero la Angelus ali pazenera, ndipo apo sipafunika tikiti iliyonse.

Chachitatu: fikani, ndipo phunzirani kuyenda

Ndege ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa imatera pabwalo la Fiumicino. Kuchokera pamenepo sitima ya Leonardo Express imakufikitsani ku siteshoni yaikulu ya Termini m'mphindi 32 osaima pena paliponse. Mukasankha takisi, kwerani yoyera yokhala ndi nambala ya khonsolo ya mzinda pachitseko, imene imaima pamalo ake kunja kwa bwalo, chifukwa ili ndi mtengo wokhazikika wopita pakati pa mzinda. Anthu okuitanirani galimoto m'kati mwa bwalo la ndege muwapitirire mwaulemu.

Sitima ya pansi pa nthaka, imene eni ake amaitcha Metro, ili ndi njira zitatu, A, B ndi C, koma mlendo amagwiritsa ntchito kwambiri A ndi B zimene zimakumana pa Termini. Tikiti imodzi imagwira ntchito mphindi 100 pa mabasi ndi ulendo umodzi wa Metro. Tikiti ya pepala iyenera kudindidwa m'kamakina mukangokwera basi, ndipo oyendera akakupezani ndi yosadinda amakulipiritsani chindapusa ngakhale muli mlendo. M'mabasi odzaza, makamaka nambala 64 yochokera ku Termini kupita chakufupi ndi Vatican, mumakhala akuba opisa m'matumba, choncho chikwama chikhale kutsogolo ndipo foni isakhale m'thumba la kumbuyo. Nambala ya pangozi ndi 112.

Nyamulani zinthu ziŵiri zimene zidzakuthandizani kuposa mapu. Choyamba ndi nsapato zafulati zimene mapazi anu anazizolowera kale, chifukwa misewu ya pakati pa mzinda inayalidwa ndi timiyala takuda totchedwa sampietrini, tosalingana ndiponso toterera mvula ikagwa. Chachiwiri ndi botolo la madzi. M'misewu muli mipopi yachitsulo yoposa 2,000 yotchedwa nasoni, yotulutsa madzi ozizira abwino kumwa usana ndi usiku, aulere. Mukatseka kukamwa kwa mpopiwo ndi chala, madzi amatumphuka pa kabowo ka pamwamba ndipo mumamwa osafuna kapu.

Tsiku loyamba: Roma wa Akaisara

Sungitsani ola loyambirira la m'mawa ku Colosseo, ndipo tsikani pa siteshoni ya Colosseo ya njira B mphindi 30 nthawi isanakwane chifukwa pakhomo pali chipikisheni. Bwalo limeneli linayamba kumangidwa ndi mfumu Vespasiano cha m'ma 72 ndipo mwana wake Tito analitsegulira m'chaka cha 80. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000, aliyense pamalo oyenera udindo wake, akuluakulu a boma pansi pafupi ndi bwalo, amphawi ndi akazi pamwamba penipeni. Mukaima pansanjika yachiwiri muyang'ane pansi: timakoma tambiri timene mukuona pakati ndi zipinda za pansi pa bwalo, mmene ankasungiramo omenyana ndi zilombo, zambiri zochokera kumpoto kwa Africa, ndipo ankazikweza ndi zikepe zokokedwa ndi anthu kuti zitulukire pamchenga mwadzidzidzi.

Alendo ambiri amafika akukhulupirira kuti apa ndi pamene mfumu Nero ankaphera Akhristu. Nero anamwalira m'chaka cha 68, Colosseo isanamangidwe, ndipo chizunzo chake cha m'chaka cha 64 chimalumikizidwa ndi bwalo lina limene linali kumene lero kuli Vatican. Komabe Mpingo unalisandutsa bwaloli malo okumbukira ofera chikhulupiriro, ndipo Njira ya Mtanda ya Lachisanu Loyera imachitikira pomwepa.

Mukatuluka, dutsani pambali pa chipata chachikulu cha Costantino, cha m'chaka cha 315, n'kukwera kanjira kolowera ku Foro Romano. Musathamangire kutsika. Imani pafupi ndi chipata cha Tito ndipo muyang'ane chosema cha m'kati mwake, chosonyeza asilikali a Roma atasenza choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziŵiri chimene analanda m'Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70. Kwa munthu amene anakula akumva mawu akuti sipadzatsala mwala pamwamba pa unzake, chosema chimenechi n'chofunika kuposa zipilala zonse zili m'munsimo, koma ambiri amachidutsa osakweza maso.

Foro Romano ndi pamene panali msika, makhoti, akachisi ndi nyumba ya malamulo. Popanda wokufotokozerani pamangooneka ngati miyala yomwazika, choncho sankhani zinthu zochepa zoti muzifunefune: nyumba yaikulu ya njerwa yotchedwa Curia mmene aphungu ankakumana, msewu wa Via Sacra wa miyala ikuluikulu, ndi kamulu kofoleredwa pamene anawotchera mtembo wa Julius Caesar m'chaka cha 44 Khristu asanabadwe, pamene mpaka lero anthu amasiyapo maluwa. Kenako kwerani Palatino, phiri limene panali nyumba za mafumu. Kumeneko kuli mitengo ndi mthunzi, ndipo mbali ina mumaona Foro yonse pansi panu, mbali inayo bwalo la mpikisano wa magaleta la Circo Massimo. Kumapeto kwa bwalo limenelo kuli likulu la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi. Patsogolo pake panaima chipilala cha ku Axum chimene asilikali a Mussolini anachotsa ku Ethiopia m'chaka cha 1937, ndipo chinabwezedwa kwawo mu 2005.

Zonsezi zimatenga maola anayi kapena asanu. Idyani, pumulani, ndipo dzuwa likapendeka sankhani chimodzi mwa ziŵiri. Tchalitchi cha San Pietro in Vincoli chili ndi chiboliboli cha Mose chosemedwa ndi Michelangelo komanso maunyolo amene mwambo wa Mpingo umati anamangira Petro, ndipo kulowa n'kwaulere. Koma ngati mphamvu zilipo, ine ndingakutumizeni ku San Clemente, mphindi zochepa kuchokera ku Colosseo. Pamwamba pali tchalitchi cha zaka za m'ma 1100. Mukalipira n'kutsika masitepe mumalowa m'tchalitchi cha zaka za m'ma 300. Mukatsikanso mumapezeka m'nyumba za m'zaka 100 zoyambirira, momwe muli kachisi wa mulungu Mithras ndipo mumamva madzi akuyenda pansi pa nthaka. Palibe malo ena amene amaonetsa kusanjikizana kwa mzindawu momveka chotere.

Tsiku lachiwiri: Vatican

Valani zovala zobisa mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe, chifukwa alonda amabweza munthu pakhomo ngakhale ataima pamzere ola lathunthu. Chitenje chopinda m'chikwama chimathetsa vutoli msanga. Kwerani njira A mutsike pa Ottaviano.

Chinthu chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti Vatican, dziko la mahekitala 44 okha limene linakhazikitsidwa ndi pangano la 1929, lili ndi makomo aŵiri a alendo otalikirana. Khomo la tchalitchi cha San Pietro lili pabwalo lalikulu, pamene khomo la Musei Vaticani lili pa Viale Vaticano, ulendo wa mphindi 15 kapena 20 wapansi potsata khoma. Njira yabwino ndi kuyamba ndi tchalitchi 7 koloko m'mawa pamene chikutsegulidwa ndipo mzere wa chipikisheni ndi waufupi, n'kusungitsa ola la ku Musei cha m'ma 11 koloko kapena masana. Lachitatu musatsate dongosololi, pakuti msonkhano wa Papa ukachitikira pabwalo tchalitchi chimakhala chotseka kwa alendo mpaka masana.

Kulowa m'tchalitchi cha San Pietro n'kwaulere. Chinayamba kumangidwa mu 1506 ndipo chinadalitsidwa mu 1626. Mukangolowa, kudzanja lamanja kuseri kwa galasi kuli Pietà, chiboliboli cha Maria atanyamula mtembo wa Yesu, chimene Michelangelo anasema asanakwanitse zaka 25. Pang'ono patsogolo pake pali manda a Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anayendera Zambia ndi Malawi mu May 1989, ndipo pamenepa pali mipando ya ofuna kupemphera mwakachetechete. Pakati pa tchalitchi pali denga la mkuwa la mizati inayi yopotana, ntchito ya Bernini, loimikidwa pamwamba pa guwa, ndipo pansi pa guwalo ndi pamene pali manda amene Mpingo umawalemekeza kuti ndi a Petro. Manda a apapa ambiri ali m'chipinda cha pansi, chimenenso n'chaulere.

Kukwera pamwamba pa denga lobulungira kumalipiridwa. Masitepe onse ndi 551. Chikepe chimakuchotserani 231 ndipo 320 otsalawo ndi a miyendo yanu, m'kanjira kopapatiza kopendekera mbali imodzi, kopanda pobwerera. Amene ali ndi vuto la mtima, la mawondo kapena woopa malo opanikiza asadzikakamize. Amene angathe adzaona bwalo lonse ndi mizati yake 284, chipilala cha ku Egypt chimene chinaimikidwa pakati pake mu 1586, ndi mzinda wonse mpaka kumapiri.

Ku Musei Vaticani zinthu n'zochuluka moti wofuna kuŵerenga chikwangwani chilichonse sangafike kumapeto. Sankhani zinayi: bwalo laling'ono la ziboliboli mmene muli Laocoön, chosema chakale chimene chinafukulidwa mu 1506, khonde la mapu lotalika mamita 120, zipinda zojambulidwa ndi Raffaello, ndi Cappella Sistina imene ili kumapeto. Sungani mphamvu zanu chifukwa cha chomalizachi. Michelangelo anajambula denga lake kuyambira 1508 mpaka 1512, nkhani za m'buku la Genesis kuyambira pa kulengedwa kwa dziko mpaka pa Nowa, ndipo anadzabweranso kudzajambula Chiweruzo Chomaliza pakhoma la kuguwa pakati pa 1536 ndi 1541. M'chipinda chimenechi ndi mmene makadinala amasankhira Papa, ndipo ndi mmene anasankhira Papa Leo XIV pa 8 May 2025. Kujambula zithunzi n'koletsedwa ndipo alonda amakhalira kukumbutsa anthu kuti akhale chete. Funani malo pabenchi la m'mbali mwa khoma, mudikire wina anyamuke, ndipo mukhale pansi mphindi 15, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha ndipo denga limeneli silioneka bwino kwa munthu amene akukankhidwa ndi chikhamu.

Pobwerera tsatani msewu waukulu wa Via della Conciliazione mpaka ku Castel Sant'Angelo, nyumba yobulungira imene inamangidwa ngati manda a mfumu Adriano n'kudzasanduka linga la apapa. Kuona kunja kokha ndi kuwoloka mlatho wa ziboliboli za angelo n'kokwanira pa tsiku lotopetsa chotere.

Tsiku lachitatu: pakati pa mzinda, wapansi

Tsiku ili silifuna Metro, ndipo zambiri n'zaulere. Dzukani m'mamawa mufike pa kasupe wa Trevi 8 koloko isanakwane, chifukwa masana anthu amadzaza moti madzi saoneka, ndipo akuluakulu a mzinda anayamba kuchepetsa chiŵerengero cha otsikira pafupi ndi madziwo nthawi imodzi. Kasupeyu anamalizidwa mu 1762, koma madzi ake amabwera m'ngalande imene inakumbidwa m'chaka cha 19 Khristu asanabadwe. Ndalama zachitsulo zimene alendo amaponyamo zimatoleredwa n'kuperekedwa ku Caritas, bungwe lachifundo la Mpingo wa Katolika, kuti zithandize osowa. Kuviika mapazi m'madzimo kuli ndi chindapusa, chimodzimodzinso kukhala pansi pa masitepe otchuka a Piazza di Spagna, amene ali pafupi ndipo mphindi khumi zimakwana kuwaona.

Nthawi yanu muipereke ku Pantheon. Nyumbayi inamangidwa m'nthawi ya Adriano cha m'ma 125, ngakhale dzina lolembedwa kutsogolo ndi la Agrippa amene anamanga kachisi woyamba pamalopo. Denga lake ndi la konkire yopanda chitsulo ngakhale chimodzi, lotambalala mamita 43, ndipo kutalika kwake kuchokera pansi n'kofanana ndi kutambalalako. Amisiri anachepetsa kulemera kwake pogwiritsa ntchito miyala yolemera m'munsi ndi yopepuka ya kuphiri lophulika pamwamba, komanso posiya bowo la mamita pafupifupi 9 pakati, limene ndilo zenera lokhalo la nyumba yonse. Mvula ikagwa imalowadi, n'kutsikira m'timabowo ta pansi. Chimene chinaipulumutsa kuti isagumulidwe ngati akachisi ena n'chakuti inasandutsidwa tchalitchi m'chaka cha 609, ndipo mpaka lero mumachitika Misa. Muli manda a Raffaello ndi a mafumu aŵiri oyambirira a Italy wogwirizana. Mu July 2023 alendo anayamba kulipira polowa, ndipo panthawiyo tikiti inali mayuro 5.

Kuchokera apo, mphindi zisanu zokha, lowani m'tchalitchi cha San Luigi dei Francesi ndipo mupite ku kachipinda komaliza kudzanja lamanzere. Muli zithunzi zitatu za Caravaggio za moyo wa Mateyu. Chotchuka ndi cha kuitanidwa kwake: amuna akhala patebulo akuŵerenga ndalama za msonkho m'chipinda chamdima, ndipo kuwala kukulowa motsata dzanja la Yesu. Nyamulani ndalama yachitsulo yoponya m'kabokosi koyatsira magetsi. Dziwani kuti matchalitchi ambiri aang'ono amatseka masana kwa maola aŵiri kapena atatu, choncho muwayendere m'mawa kapena chakumadzulo, ndipo Misa ikakhala m'kati musayendeyende ndi kamera.

Piazza Navona ili pafupi pomwepo, ndipo ndi yaitali chotero chifukwa inamangidwa pamwamba pa bwalo la masewero la mfumu Domiziano. Pa kasupe wa pakati, wa Bernini, wa m'chaka cha 1651, pali ziboliboli zinayi zoimira mitsinje ya Nile, Ganges, Danube ndi Río de la Plata. Funani cha Nile: chafunda nsalu kumutu, chifukwa panthawiyo anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mtsinjewo umayambira.

Musadye pabwalo limeneli kapena moyang'anana ndi Pantheon, pakuti pamenepo mumalipirira malo osati chakudya. Lowani m'tinjira ta kumbuyo mugule pizza al taglio, imene amadula ndi kuyeza pasikelo, kapena supplì, timibulu ta mpunga tokazinga tokhala ndi tchizi m'kati. Khofi womwera chiimire pakauntala ndi wotsika mtengo kuposa wobweretsedwa patebulo. Ngati munagula tikiti ya Galleria Borghese, iikeni masana a tsiku lino. Amalowetsa kwa maola aŵiri okha, ndipo ziboliboli za Bernini za m'zipinda za pansi, makamaka Davide akuponya mwala ndi Apollo ndi Dafne, ndizo zoyamba kuona.

Madzulo wolokani mtsinje wa Tevere mupite ku Trastevere. Malo odyera amayamba kudzaza cha m'ma 8 koloko usiku, ndipo zakudya za eni mzinda ndi carbonara, amatriciana ndi cacio e pepe. Musanakhale patebulo lowani m'tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere muone zithunzi za timiyala tagolide pamwamba pa guwa, kenako muyende pang'ono kufika pa Piazza di Sant'Egidio. Pakhomo losaoneka ngati kanthu pamenepo ndi likulu la gulu la Sant'Egidio, lodziwika ku Malawi ndi ku Mozambique chifukwa cha zipatala za DREAM. M'nyumba imeneyo ndi mmene nthumwi za boma la Mozambique ndi za Renamo zinakambirana kuyambira mu 1990, mpaka Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma pa 4 October 1992. Amene amakumbukira misasa ya othawa nkhondo ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza adzaima pamenepo nthawi yotalikirapo kuposa alendo ena.

Tsiku lachinayi: kunja kwa malinga

Onetsetsani kuti tsikuli si Lachitatu, chifukwa manda a pansi pa nthaka a San Callisto amatseka tsiku limenelo. Kwerani basi nambala 118 kuchokera chakufupi ndi Colosseo kapena Circo Massimo kupita ku Via Appia Antica, msewu umene unayamba kumangidwa m'chaka cha 312 Khristu asanabadwe. Pa msewu umenewu ndi pamene abale a ku Roma anakachingamira Paulo ali wandende, monga momwe chaputala 28 cha Machitidwe a Atumwi chimanenera, ndipo m'zigawo zina miyala yake yakale ikadalipo.

Ku San Callisto simulowa nokha. Mumadikira gulu la chilankhulo chimene mukumva, ndipo wotsogolera amakutsitsani kwa mphindi pafupifupi 40. Akuyang'anira malowa ndi a Salesian a Don Bosco, chipani chomwecho chimene chili ku Lilongwe. Pansipo pali makonde opapatiza a makilomita pafupifupi 20, osanjikizana, okhala ndi mashelefu okumbidwa m'makoma mmene Akhristu ankaika akufa awo. Mudzaona chipinda chimene anaikamo apapa a zaka za m'ma 200 ndi malo amene panali manda a Cecilia Woyera. Kumazizira ngakhale kunja kukutentha, choncho tengani juzi. Nkhani yakuti Akhristu ankakhala m'mapangamu pobisala si yoona. Anali manda odziwika kwa boma, ndipo anali kunja kwa malinga chifukwa lamulo la Aroma linkaletsa kuika maliro m'kati mwa mzinda.

Masana bwererani ku Circo Massimo, mukwere njira B mutsike pa Basilica San Paolo. Tchalitchi cha San Paolo fuori le Mura chinapsa mu 1823 n'kumangidwanso, ndipo n'chachikulu koma chopanda chikhamu, moti munthu amatha kukhala pansi osakankhidwa. Pamwamba pa mizati pali mzere wa zithunzi zobulungira za apapa onse kuyambira Petro. Tsikani masitepe ochepa a patsogolo pa guwa, ndipo kudzera pa zitsulo mudzaona mbali ya bokosi la mwala limene linaonetsedwa poyera mu 2006, limene Mpingo umalilemekeza kuti ndi manda a Paulo.

Ngati nthawi yatsala, malizani ndi matchalitchi aŵiri akuluakulu otsalawo, amene onse ndi aulere. San Giovanni in Laterano, pa siteshoni ya San Giovanni ya njira A, ndiye katedrale yeniyeni ya Papa monga episkopi wa Roma, osati San Pietro monga ambiri amaganizira. Kutsidya kwa msewu kuli Scala Santa, masitepe 28 amene mwambo umati anachokera kunyumba ya Pilato ndipo amakweredwa ndi mawondo okha. Amene sakufuna kutero ali ndi masitepe ena m'mbali. Santa Maria Maggiore ndi ulendo wa mphindi khumi wapansi kuchokera ku Termini, choncho mungathe kuisiyira m'mawa wa tsiku lonyamuka, katundu mutamusiya kumalo ogona. M'menemo, m'mbali ya kumanzere, muli manda a Papa Francis amene anaikidwa pa 26 April 2025, mwala woyera wolembedwa liwu limodzi lokha, Franciscus. Mzere wa pamandapo umayenda osaima, choncho ofuna kupemphera amakhala pamipando ya m'kati mwa tchalitchi akatha kudutsapo. Pochoka apo siyani maola anayi pakati pa kukwera Leonardo Express pa Termini ndi kunyamuka kwa ndege yanu ku Fiumicino.